Kamphepo Asankha Njinga ya Anthu Awiri

1. Lonjezo la pakhonde

Dzina loti Kamphepo anamupatsa ndi bambo ake. Ankati mwanayo sanaphunzire kuyenda, anangodzuka tsiku lina n'kuyamba kuthamanga. Ngakhale atakula n'kufika ku sekondale, anthu okhala m'zipinda zapansi ankadziwa kuti amene akutsika masitepe ndi iyeyo, chifukwa nyumba yonse inkanjenjemera.

Bambo akewo anali telala. Shopu yawo inali kutsidya kwa mlatho, pamwamba pa chitunda, ndipo kuyambira ali mnyamata ankapitako pa njinga yakapalasa. Tsiku lina m'mawa akumwa tiyi, kapu inawapulumuka m'manja ndipo pakamwa panapindika. Kuchipatala anati ndi sitiroko.

Anachira, koma osati kotheratu. Mawu anabwerera. Dzanja linabwerera n'kuyambanso kugwira sizasi. Koma mwendo wakumanzere unatsalira m'mbuyo, ndipo poyenda ankaukoka ngati mwana wokana kupita kusukulu. Chitunda cha kushopu chinawakulira. Mnzawo wosoka naye ndi amene ankatsegula ndi kutseka, iwo ali pakhonde kunyumba kulumikiza mabatani ndi kupinda mathalauza.

Mayi a Kamphepo ankagwira ntchito kochapira zovala ndipo ankaweruka dzuwa litapendeka. Choncho Kamphepo akachoka kusukulu ndi amene ankasisita mwendo wa bambo ake, kuwamangira zingwe za nsapato ndi kuwayendetsa pang'onopang'ono m'khonde. Zosewera mpira wamanja anazisiya osauzidwa ndi munthu.

Dokotala wa mafizo ndiye anatchula za njinga yamagetsi. Anafotokoza kuti wokwera amapalasa ndithu, koma kamota kamamuthandiza, ndiye mwendo ukhoza kumalimba popanda kuuzunza. Abale ndi matelala anzawo atamva, anathandizana kuti njingayo igulidwe. Anagwirizana kuti bambo azikwera popita kushopu ndi pobwera, ndipo masana Kamphepo aziperekera zovala zosokedwa kwa eniake.

Tsiku limenelo bambo anamuitana pakhonde. "Wandinyamula nthawi yaitali, mayi wanga. Tsiku logula, wosankha ndiwe. Ine ndidzangoti inde."

2. Yofiira ya pawindo

Kamphepo anali atasankha kale. Njira yake ya kusukulu inkadutsa pa shopu ya njinga ya Mayi Sipanala, ndipo pawindo panali njinga yofiira, yowonda, yokhala ndi chitsulo chapakati chokwera m'mwamba. Batire lake linali lobisika m'kati mwa chitsulo, moti munthu sakanadziwa msanga kuti ndi yamagetsi. M'mawa uliwonse ankaima pang'ono kuti aone ngati ikadalipo.

Anzake a m'kalasi anawauza onse. Mnyamata wina amene ankamutcha Wamtali, yemwe anali ndi njinga yamagetsi yake, anavomereza kuti yofiirayo ndi njinga yeniyeni. Anati zinazo, zotsika pakati ndi zamabasiketi kutsogolo, ndi za agogo opita kukagula masamba. Kalasi yonse inaseka, ndipo Kamphepo anaseka kuposa onse.

Loweruka m'mawa iye ndi bambo ake ananyamuka. Mayi anatsala chifukwa cha ntchito, koma anawatsitsa masitepe n'kuwakonzera bambo kolala. Anawauza kuti akangoona kuti atopa akhale pansi, asachite manyazi ndi anthu. Bambo anayankha kuti akudziwa, popeza mawu amenewo amawamva kuposa moni.

3. Njinga sasankha ndi maso

Shopu ya Mayi Sipanala inkanunkhira mphira ndi girisi. Matayala ankalendewera kudenga, ndipo pakhoma panali galasi lalitali loti ogula zisoti azidziyang'anira. Mayiwo anali wamfupi, wa imvi za apo ndi apo, ndipo sipanala sinkachoka m'thumba la ovolosi yawo. Ovolosiyo anawasokera ndi bambo a Kamphepo, choncho ankadziwana kalekale.

Atapatsana moni, Kamphepo analoza yofiira ija asanafunsidwe. Mayi Sipanala anamwetulira, anapukuta m'manja, n'kukhala pa kampando.

"Mwana wanga, njinga sasankha ndi maso, amasankha ndi thupi. Bambo akowa munthu akabwera kudzasoketsa diresi, sayamba ndi kutama nsalu. Amayamba ndi tepi. Njinganso n'chimodzimodzi. Uyambe wafunsa kuti wokwera ndani, akupita kuti, anyamula chiyani, ndipo ikafika kunyumba ikagona pati. Ukakhala pachishalo, zala za kuphazi zizigunda pansi. Ukagwira mahandulo, msana usamadandaule. Ine ndaona anthu ambiri akutuluka pakhomo apa akumwetulira ndi njinga yokongola, posakhalitsa n'kubwera nayo akuikankha, ati yawakana. Njinga sikana munthu. Munthu ndi amene amakana kudziyeza."

Kamphepo anati wamva, koma maso ake anali pawindo. Mayiwo anaona, ndipo anaitsitsa njingayo. Anamuveka chisoti n'kumumanga lamba pansi pa chibwano, kenaka anamuonetsa kabatani kowonjezera ndi kuchepetsa mphamvu.

"Iyi si njinga yamoto. Ukamapalasa imakuthandiza, ukasiya nayonso imasiya. Uyambe ndi mphamvu yochepa, chifukwa ukayamba ndi yambiri imakutsomphola usanakhale bwino. Ndi yolemera kuposa imene unazolowera, ndiye siima pomwe waganizira. Mabuleki uzigwira onse awiri, ndipo uzigwira usanafike pokhota. Chinanso, ilibe phokoso. Gogo woyenda patsogolo pako sakukumva, mwana wothamangira mpira sakukumva. Belu analiika kuti lizilira."

Kuseri kwa shopu kunali kamsewu kopanda magalimoto. Kamphepo atangoponda pedulo, njinga inanyamuka ngati pali dzanja lomukankha kumsana. Mphepo inalowa m'malaya. Anafika kumapeto, anakhota, anabwerera, n'kupitanso. Kwa nthawi yaitali anali asanasekepo yekha chomwecho.

Bambo ake anaima pakhomo atatsamira ndodo, akumuyang'ana. Kamphepo atatsika, bambowo anamufunsa ngati ndi yomweyo, ndipo iye anangogwedeza mutu chifukwa mpweya unali utamuthera.

4. Zimene galasi linaonetsa

Mayi Sipanala anati popeza okwera ndi awiri, bambo nawonso ayese. Anatuma Kamphepo kuseri kwa mashelefu kuti akasankhe chisoti chachikulu.

Zisoti zinali pafupi ndi galasi lija. Kamphepo atanyamula chimodzi, anaona m'galasimo bambo ake ataima pambali pa njinga yofiira. Anali atasiya ndodo pakhoma. Anapendeketsa njinga, anagwira thalauza pabondo ndi dzanja, n'kunyamula mwendo wodwalawo ngati akunyamula thumba. Nsapato inagunda chitsulo chapakati n'kubwerera. Anayesanso, ndipo mwendo wabwinowo unayamba kunjenjemera. Mayi Sipanala anagwira mahandulo mwakachetechete.

Atayesa kangapo, mwendo unawoloka. Bambo anakhala pachishalo thukuta lili kamukamu, ndipo anayang'ana kumene kunapita mwana wawo. Sanamuone.

"Musamuuze," anatero motsitsa mawu. "Kukwera ndiphunzira. Mwanayu wavutika nane mokwanira, ndipo sanandipemphepo kanthu."

"Kukwera muphunzira, atelala. Nanga kutsika? Galimoto ikaima mwadzidzidzi patsogolo panu, mwendowo muuchotsa ndi dzanja liti? Komanso batire la iyi silichoka. Pofuna kutchaja, ndani azikweza njinga yonse masitepe anu aja?"

Bambo anati apeza njira. Anati iwo anapereka mawu, ndipo bambo wobweza mawu kwa mwana wake ndi wolumala kuposa wokoka mwendo. Mayi Sipanala anawathandiza kutsika, ndipo kutsikako kunatenga nthawi kuposa kukwera.

Kamphepo anaima kuseri kwa shelefu chisoti chili m'manja. Anadikira mpaka bambo ake atapukuta thukuta ndi kutenganso ndodo. Kenaka anatulukira.

5. Yotuwa ya pakona

Pakona ya shopu panali njinga yotuwa. Inalibe chitsulo chokwera pakati, moti munthu ankangolowetsa phazi ngati akuwoloka khomo. Inali ndi basiketi kutsogolo, kaliyala yaikulu kumbuyo, ndi batire looneka ngati njerwa, lotseka ndi kiyi. Kamphepo anapempha kuti aiyese.

Bambo ake anadabwa. Anamuuza kuti asataye nthawi, yofiira ija aikwera bwinobwino iye kulibe. Kamphepo anati akungofuna kumva kusiyana kwake.

Yotuwayo inanyamuka mofatsa. Sinkamutsomphola, sinkamuitanira kuthamanga. Akukhota kumapeto kwa kamsewu, anakumana ndi Wamtali ali pa njinga yake. Mnyamatayo anachepetsa liwiro, anayang'ana basiketi, n'kufunsa ngati masamba atsika mtengo. Anati Lolemba kalasi yonse imva. Kamphepo nkhope inatentha, koma analiza belu n'kumudutsa.

Atabwerera anaimika njinga patsogolo pa bambo ake n'kuwapempha kuti ayese. Bambo ananyinyirika, koma anapereka ndodo kwa Mayi Sipanala. Phazi lodwala lija linangodutsa pakati popanda kuligwira ndi dzanja. Anakhala pachishalo, anatsika, anakhalanso. Iwo eni anaoneka odabwa.

"Ndasankha iyi," anatero Kamphepo.

Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali. Anamufunsa ngati waona kanthu kapena wamva kanthu. Iye sanabise. Anati waona m'galasi, ndipo wamva zonse.

"Ndiye ukundimvera chisoni," anatero bambo, mawu awo atalemera. "Mphatso imene ndinakulonjeza wandibwezera."

"Ayi, ababa. Yofiirayo ndaikonda, sindinama, ndipo mwina ndiziiyang'anabe pawindo. Koma ija ndi ya munthu mmodzi. Ine ndikamaphunzira m'kalasi ndikufuna ndizidziwa kuti mwafika kushopu. Munati wosankha ndine, inu mudzangoti inde."

Bambo anayang'ana kudenga kumene kunkalendewera matayala, ngati pali tayala lina lofunika kuliona bwino. Kenaka anatambasula dzanja n'kukonza lamba wa chisoti cha mwana wawo, ngakhale lambayo anali bwinobwino.

"Inde," anatero.

Mayi Sipanala anatembenuka n'kuyamba kufunafuna kanthu m'bokosi la mabawuti. Anafunafuna nthawi yaitali ndithu, ndipo potembenukanso anati girisi wawalowa m'maso.

6. Moto wogona

Asanawalole kupita, Mayi Sipanala anawakhazika onse awiri pabenchi. Anatsegula batire ndi kiyi, analisolola, n'kumupatsa Kamphepo kuti amve kulemera kwake.

"Walira mvula walira matope. Mwalira njinga, ndiye mumve za kuisamala. Batire ili ndi mtima wa njinga, komanso ndi moto wogona. Mukalilemekeza likutumikirani zaka, mukalipeputsa lidzadzuka. Muzitchaja ndi tchaja yake yomweyi. Ikatayika mubwere kuno, musakatole iliyonse pamsika chifukwa choti yalowa pabowo. Muzitchaja muli maso, pasimenti, kutali ndi makatani ndi nsalu zanu zija, atelala. Musatchajire pakhomo lotulukira. Banja lina la mumsewu mwathu linkatchajira m'kanjira ka pakhomo ndi tchaja yobwereka, onse n'kukagona. Anapulumukira pawindo, ndipo mpaka lero mayi wa m'nyumbamo akamva fungo la pulasitiki wopsa amanjenjemera. Mukangofika kumene batire likadali lotentha, lisiyeni lipume. Musalisiye padzuwa, musalidikire kuti lifike pofa. Likagwa pansi n'kung'aluka, likatupa, kapena likayamba kununkha, musaliyesenso. Litulutseni panja, mundiitane."

Bambo anati malamulo achuluka kuposa a kuchipatala. Mayiwo anayankha kuti a kuchipatala anawamvera, n'chifukwa chake ali pabenchipo.

Kenaka anagwada n'kumuonetsa Kamphepo mmene angatsinire tayala kuti adziwe ngati mpweya wachepa. Anamuuza kuti tayala lofewa limadya batire ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Anamuonetsa kupukuta tcheni ndi kansanza n'kudontheza oyilo pang'ono, ndi kuyang'ana mabuleki ngati adyeka. Anati njingayo aziipukuta ndi nsalu yonyowa, asamaithire madzi ndi payipi ngati akusambitsa galimoto.

Pomaliza anamugwira paphewa.

"Pali chinthu china, ndipo ichi ndikuuza iwe, osati bambo ako. Kusukulu kwanu kuli anyamata amene adzakuuza kuti njingayi anaimanga miyendo, ndipo iwo akudziwa poimasula kuti iziuluka. N'zoona, amadziwa. Chimene sadziwa n'chakuti mabuleki awa anawapangira liwiro limene ilili. Ukawonjezera liwiro, mabuleki sawonjezereka, ndipo mutu wako suwonjezera kulimba. Kuseri kuno ndasunga njinga ina yopindika. Mwini wake anali msinkhu wako, ndipo mayi ake sanabwerebe kudzaitenga. Munthu aliyense wofuna kugwira mawaya a njinga iyi, umuuze kuti amakweranso bambo ako."

Kamphepo analonjeza. Mayi Sipanala anamupatsa makiyi awiri a batire, wina wake, wina wa bambo ake.

7. Belu pakhomo

Pobwerera bambo ndi amene anakwera. Anayamba ndi mphamvu yochepa monga anauzidwira, ndipo poyamba mahandulo ankagwedera. Kamphepo ankathamanga pambali atanyamula ndodo, dzanja lina lili pafupi ndi kaliyala. Atadutsa nyumba zingapo, bambo anamuuza kuti achotse dzanjalo, akuwachititsa manyazi pamaso pa anthu amene anawasokera masuti aukwati.

Pa kamtunda ka pafupi ndi kwawo anawonjezera mphamvu. Mwendo wakumanzere unkazungulira limodzi ndi unzake, mochedwerapo pang'ono, koma unkazungulira. Wometa tsitsi wa pakona anatuluka ndi makina m'manja n'kuwaitana. Bambo sanayerekeze kusiya handulo, anangoliza belu.

Anafika mayi atangoweruka kumene, ali pakhomo ndi chikwama chawo. Belu litalira anatembenuka. Anayang'ana amuna awo, anayang'ana njinga yotuwa, kenaka anayang'ana Kamphepo. Iwo ankadziwa bwino za yofiira ija, popeza anali ataimva mpaka makutu kuwawa. Anangomukokera mwana wawo pachifuwa, thukuta ndi fumbi zomwe, n'kumugwira nthawi yaitali. Manja awo ankanunkhira sopo.

Njinga anaikhoma m'kachipinda ka pansi pa masitepe. Kamphepo anasolola batire n'kukwera nalo m'mwamba. Analisiya lizizire, kenaka analiika pasimenti pafupi ndi soketi, atasuntha mulu wa nsalu za bambo ake. Kanyali kofiira kanayaka pa tchaja.

Mayi anateleka madzi a tiyi n'kufunsa kuti Lolemba bambo anyamuka nthawi yanji, popeza mnzawo wa kushopu ayenera kuuzidwa. Bambo anakhala pampando wawo akusisita bondo. Anati kushopu apita ndithu, koma mawa pali ulendo wina woyamba.

"Kuseri kwa chitunda cha kushopu chija kuli msewu wotsikira kunjanji. Ndikufuna ndikaone akulu anga."

Mayi anaima ndi makapu m'manja. Kamphepo anayang'ana bambo ake, kenaka mayi ake. Iye ankadziwa azakhali ake awiri, ndipo onse anabwera pa nthawi ya matenda. Zoti bambo ake ali ndi mkulu wawo, wokhala mumzinda womwewo, anali asanamvepo chibadwire.

Mayi anaika makapu patebulo pang'onopang'ono. Anafunsa ngati aganiza bwino, ndiponso kuti akatani akakawatsekera chitseko ngati kale lija.

"Akatseka ndikagogoda," anatero bambo. "Zaka zonsezi ndinkati ndilibe nthawi. Kenaka ndinkati ndilibe mwendo. Lero mwanayu wandilanda chonamizira chomaliza. Ndipo ndikufuna apite nane, akamuone."

Madzi anayamba kuwira, koma palibe amene anasuntha. Mayi anapukuta manja pa epuloni ngakhale anali ouma.

"Ngati mukupita naye, musamutengere kumeneko ali m'chimbulimbuli. Muyambe mwamuuza chimene chinachitika pakati pa inu ndi akulu anuwo."

Bambo anakoka mpando wina ndi ndodo yawo n'kuuika pafupi ndi wawo.

"Tseka chitseko, Kamphepo," anatero. "Bwera ukhale apa."